Ciswe Cisadye Nthano Zathu

Mwezi wathawu tinali pa maliro a mphunzitsi wina wopuma pa nchito, amene anatiphunzitsa Cinyanja pa sukulu ya mishoni tiri anyamata. Mwambo utatha, ana ake anaturutsa bokosi lamatabwa limene linali kunsi kwa kama. M'katimo munali makope 12 odzaza ndi nthano, miyambi ndi mbiri ya mudzi wao, zonse zolembedwa ndi dzanja lake lokongola lija. Koma ciswe cinali citafika kale, ndipo makope atatu okha ndiwo anawerengeka. Mkuluyo anadikira osindikiza mabuku kwa zaka zambiri, mpaka anatsikira kuli cete asanapeze womuwerenga.

Tisamuweruze kuti anali waulesi. M'masiku ake khomo linali lopapatiza. Mu 1948 boma la atsamunda linatsegula ku Lusaka bungwe losindikiza mabuku a zinenero zathu, lotumikira Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Titalandira ufulu, nchitoyo inagwera kampani ya NECZAM, imene inayamba mu 1967 pansi pa Kenneth Kaunda Foundation. Koma maso a osindikiza anali makamaka pa mabuku a sukulu, pakuti kumeneko ndiko kunali ogula. Wolemba nthano za akulu ankangotsala ndi kakona ka m'nyuzi ya Tsopano, kapena mwai wa pa wailesi. Amene anamvapo Julius Chongo pa pulogramu ya Poceza m'Madzulo akumbukira mmene banja lonse, pamodzi ndi anansi, linkazungulira wailesi imodzi. Ludzu la nkhani za m'cinenero cathu linalipo. Cimene cinasowa ndi njira yofikitsira madziwo kwa anthu.

Lero njirayo iri m'thumba la mwana aliyense wa ku sekondale. Intaneti inafika m'Zambia mu 1994 kudzera ku ZAMNET ya pa Yunivesite ya Zambia, Facebook inayamba mu 2004, WhatsApp mu 2009. Ambiri a ife makolo timaziona ngati zinthu zotaitsa ana nthawi, ndipo kawirikawiri sitinama. Komabe taona ndi maso athu kuti mpeni womwewo umene ungaceke cala umasendanso cinangwa.

M'parishi mwathu muli mtsikana wina wa m'kwaya amene amalemba nkhani yaitali m'zigawo. Lacisanu lirilonse madzulo amatumiza cigawo cimodzi ku gulu la pa WhatsApp. Anayamba ndi anzake oimba nao. Anzakewo anaitana abale ao, ndipo tsopano akuwerengedwa ku Katete, ku Petauke, ku Lilongwe, ku Tete, ngakhale ndi anyamata athu ogwira nchito ku Johannesburg. Sanalipire munthu womulengeza. Tinamufunsa cinsinsi cake, ndipo zimene anatiuza ndi nzeru zomwe zija za pa bwalo la kumudzi.

Coyamba, saphonya tsiku lake. Ngakhale magetsi atazima, ngakhale ndalama ya bandulo itabvuta, amayesetsa kuti Lacisanu lisadutse. Owerenga ali ngati nkhuku zozolowera ola la gaga: ukazinamiza kawiri katatu zimasamukira kwa anansi.

Caciwiri, amamvera. Wina akamuuza kuti mwambi wauika polakwika, amathokoza ndi kukonza pamaso pa onse. Agogo ena osadziwa kuwerenga anadandaula kuti akumanidwa. Iye anayamba kuwerenga cigawo ciriconse mokweza ndi kutumiza mau ake ojambulidwa, kotero kuti tsopano amamumvera akusenda nyemba pakhonde. Mmodzi wa agogowo ndiye anamupatsa mau akale a pa mwambo wa cikwati amene iye sanawamvepo. Apa wowerenga wasanduka mnzake wa wolemba, ndipo nkhaniyo yakhala ya onse.

Cacitatu, amawerenga za anzake. Pali olemba ena amene amalowa m'magulu kudzangofuula kuti, “Gulani buku langa!” osapereka ngakhale moni. Otere anthu amawatopa nao msanga, monga mlendo amene amabwera pa nthawi ya nsima yokha. Iye amayamikira ndakatulo za ena, amawalozera polakwika mwaulemu, ndipo akapeza yabwino amaitumiza kwa owerenga ake, dzina la mwini wake liri pamwamba. Mutu umodzi susenza denga.

Tionjezepo kuti mabwalo awiriwa sali ofanana. Facebook iri ngati msika wa Loweruka: kumeneko anthu osakudziwa angakupeze, koma pali phokoso, ndipo makina a kampaniyo ndiwo amasankha zimene anthu aone. WhatsApp iri ngati khonde la nyumba: anthu ndi ocepa, koma amadziwana ndipo amabweranso. Wanzeru amaika kacidutswa kokoma pa msika kuti aitane alendo, koma ubwenzi amaumangira pakhonde. Tsiku limene adzasindikiza kabuku, a pakhondewo ndiwo adzayamba kutumiza ndalama pa lamya.

Koma walira mvula walira matope. Nkhani yotumizidwa pa lamya imayenda msanga, ndipo pofika kwa munthu wacisanu dzina la wolemba limakhala litafufutidwa. Kumeneko ndi kuba, ngakhale wakubayo sanathyole citseko. Lamulo la mu 1994 loteteza eni a zolemba ndi nyimbo liripo m'dziko muno, koma mlonda woyamba ndi ife owerenga: tisatumize nchito ya munthu titacotsa dzina lake.

Matope ena ndi njala ya kutamandidwa. Wolemba akaona kuti nkhani zonyansa ndi mijedo ndizo zikukopa anthu, amayesedwa kusiya zabwino, mwinanso kulemba za banja la mnansi wake mosabisa, kuti mudzi wonse umuzindikire. Gulu lomangidwa pa manyazi a wina silikhalitsa. Mawa lidzadya mwini wake. Ndipo pali matope a cinenero. Kudula mau ndi kusakaniza Cizungu ponseponse kungakhale bwino poceza, koma amene afuna kuchedwa mlembi alembe mau athunthu. Za kalembedwe tisakangane: ife kuno timalemba “cinthu”, abale athu a ku Malawi amaika h pambuyo pa c, koma tonse timamvana.

Cacikuru koposa ndi ici: lamya nayo iri ndi ciswe cake. Imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo nambala ikatayika gulu lingabalalike. Tisaiwale kuti pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'Zambia monse kwa masiku pafupifupi awiri. Bwalo limeneli ndi lobwereka. Eni ake ali kutali ndipo satidziwa. Cotero wolemba aliyense asunge zolemba zake pena, pa kompyuta kapena m'kope, ndipo nkhani ikatha aisindikize pa pepala, ngakhale pa makina a pa sitolo ya m'tauni, ndi kupereka imodzi ku sukulu, ina ku laibulale ya parishi.

Inu makolo anzathu, musanakalipire mwana amene wawerama pa lamya, mufunseni cimene akulemba. Mwina muli ndi Chongo wina m'nyumba mwanu. Pa misonkhano ya miphakati, mapemphero atatha, mpatseni mphindi zisanu awerenge. Inunso acinyamata, pitani ndi lamya zanu kwa agogo anu akali moyo, mujambule nthano zao, mayina a mitengo ndi a mbeu zakale, ndipo muzilembe.

Za makope atatu aja, adzukulu a mphunzitsi wathu agawana nchito. Wina akujambula masamba, wina akulemba pa lamya, ndipo Lamulungu lirilonse madzulo nthano imodzi ikufika kwa ophunzira ake akale, dzina lake liri pamwamba. Sabata yatha ife tinawerenga ya kalulu ndi citsime, ndipo tinamva ngati mkuluyo waimanso kutsogolo kwa kalasi, coko ciri m'manja. Makope enawo sadzabwereranso. Kodi kunsi kwa kama wanu kuli bokosi lotani, ndipo mukudikira yani?