Wopulumutsa Anzake Asaiwalidwe

Alipo ena m'maofesi amene amati wopulumutsa anzake pangozi angothokozedwa basi, popeza ndiyo ntchito yake. Maganizo otere ngolakwika. Mu Malichi 2023 asilikali, apolisi ndi a Red Cross adafukula mitembo m'matope a namondwe Freddy ku Chilobwe, ndipo zoopsa zotere zimasowetsa munthu tulo zaka zambiri. Matenda ake saoneka tsiku lomwelo: mlimi wa fodya ku Kasungu amadziwa kuti utsi wa m'balani umawononga chifuwa pang'onopang'ono. Amerika idachita kukhazikitsa lamulo mu 2011 losamalira opulumutsa amene adapuma fumbi ku New York mu 2001. Tsono maina a anthu athuwa alembedwe, ndipo zipatala za maboma, kuyambira cha Kasungu, ziziwapima thupi ndi maganizo chaka ndi chaka. Zikomo wapakamwa sachiza munthu.