Galu wokalamba nayenso n'cholengedwa cha Mulungu

Mu Okutobala 2023, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo, galu wathu Sekani analeka kudya. Anali atalondera khomo lathu ku Malindi zaka 12. Mnansi wina anandilangiza kuti ndikamutaye kutchire, poti galu wotha mano alibenso ntchito. Ambiri timatero, ena mpaka kumumangirira mwala n'kumuponya m'nyanja. Ine ndikuti limenelo ndi tchimo.

Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira chiweto chake. Ndipo mneneri Natani pofuna kulasa mtima wa Mfumu Davide (2 Samueli 12), anasimba za mmphawi wokonda kamwana ka nkhosa ngati mwana wake wamkazi. Davide sanaseke ayi, anapsa mtima.

Tinamuyalira chiguduli pansi pa mtengo wa mango, n'kumamumwetsa madzi ndi phala lothira usipa. Ululu utakula tinaitana mlangizi wa ziweto. Chiwewe sitinachiope, popeza katemera ankalandira chaka ndi chaka. Mlangiziyo anamubaya jakisoni, nagona osadzukanso, dzanja langa lili pamutu pake. Mtima sunanditsutse: amene anatipatsa ulamuliro pa nyama sanatipatse kuti tizionerera zikuzunzika.

Mdzukulu wanga anafunsa, "Agogo, kodi Sekani apita kumwamba?" Sindinamulonjeze zimene Malemba sananene. Ndinamuwerengera Aroma 8, pamene Paulo akuonetsa chilengedwe chonse chikudikira kumasulidwa. Kenaka anakatenga khasu, ndipo tinakumba limodzi kuseri kwa khola la mbuzi.