Wakuba ndani, katumbu kapena ife?

Anzanga, msodzi akavuula matchera n'kupeza nsomba zodyedwa mitu, amatukwana katumbu. Ena akam'gwira amapha kumene. Ine ndikuti mlanduwu taweruza mothamanga. Katumbu wakhala akudya nsomba m'miyala ya nyanja ino kuyambira makolo athu asanabadwe, koma nsomba sizinathe. Chasintha ndi kagwiridwe kathu.

Mu 2018 bungwe la IUCN, lomwe limalemba zamoyo zimene zili pangozi, linaika mitundu itatu mwa inayi ya chambo m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Mtundu wina dzina lake la sayansi ndi Oreochromis karongae. Eee, Karonga yathu yomweyi! Ndiye katumbu angamalize chambo nyanja yonse? Akumaliza ndi mabwato akuluakulu a injini okoka makoka pansi pa nyanja, maukonde oletsedwa a monofilamenti, ndi masikito aja tinalandira kuti tizigonamo. Masikito sasankha, amakokolola ndi tiana tomwe. Nsomba zikachepa, katumbu amakafuna chakudya pamatchera, ndipo akakodwa amamira, poti iye amapuma mpweya ngati ife.

Musati ndikukokomeza. Ku Mexico, m'nyanja yamchere, kuli kanyama koyamwitsa kotchedwa vaquita, kooneka ngati dolufini wamng'ono. Palibe amakasaka. Asodzi amatchera nsomba ya totoaba, yomwe kathumba kake ka mpweya kamagulidwa modula ku China, ndipo vaquita amangokodwa nawo. Mu 1997 analipo pafupifupi 600. Pano akuwerengedwa ngati 10 basi.

Ndikudziwa, ambirife fizi imachokera ku usipa, yanganso. Sindikuuza bambo a munthu kuti aotche bwato. Koma taonani ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi m'Disembala n'kutsegula mu Epulo, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa kaya ndi wolemera bwanji. Asodzi amathamangira komweko chaka ndi chaka chifukwa nsomba ziliko. Nanga ku Sangilo ndi ku Chilumba tikulephera chiyani?

A nthambi ya za nsomba ndi makomiti a m'madoko asamangolanda kaukonde ka mphawi n'kumusiya mwini mainjini akudutsa. Lamulo likamagwira ang'onoang'ono okha, anthu amangolizemba usiku.

Koma nafenso tisadziyeretse. Pa holide, amene amakoka masikito m'mphepete mwa madzi, momwe chambo chimalerera ana ake, ndi ndani? Ndi ife, ena mwa ife tikuwerenga pano. Timbale tiwiri ta tiana ta chambo timagulitsa ndalama yogula mandasi. Aphunzitsi a Agriculture, tiloleni Lachisanu likubwerali tiitane wapampando wa komiti ya padoko adzatiuze maukonde ololedwa ndi oletsedwa, ifenso timufunse chifukwa chake oletsedwawo akuyanikidwa pamchenga masanasana.