Mudati agogo akhale pakhomo, mankhwala bwanji simudawapititsire?

Mliri wa Covid-19 utalowa m'dziko muno mu April 2020, uthenga wa pa wayilesi udali umodzi usana ndi usiku: okalamba ndiwo ali pachiwopsezo, asamayendeyende, akhale pakhomo. Uthengawo udali woona. Koma amene adaukonza adaiwala kuti gogo wa BP kapena wa shuga moyo wake uli m'mapiritsi, ndipo mapiritsiwo ali kuchipatala. Kumuuza munthu kuti usapite kuchipatala, chipatalacho osabwera kwa iye, ndi kumutaya.

Taganizirani gogo wa kumudzi kwenikweni, kumene Amalawi 84 mwa 100 aliwonse amakhala malinga ndi kalembera wa 2018. Buku lake la kuchipatala walikulunga mu jumbo, walimanga pa nsonga ya chitenje. Miyendo yatupa, kabaza ndalama yake alibe. Akalimba mtima n'kufika, amakhala pa benchi limodzi ndi anthu otsokomola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pomaliza pa windo amuuza kuti, "Agogo, mankhwala atha, mukagule ku famase." Agula ndi chiyani? Ambiri mwa agogowa akulera zidzukulu zamasiye ndi khasu lokha.

Mu January 2021 mliri udalusa. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, pa 12 January. Boma lidatsegula zipatala zapadera pa Bingu National Stadium ku Lilongwe ndi ku State House ya ku Zomba. Zidathandiza, sitikukana. Koma zonsezi zidali m'tauni, ndipo wodwala wa ku Chitipa kapena ku Nsanje mpweya wa okisijeni ankangoumva pa wayilesi. Nthawi yomweyo gawo la K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliri linkathera m'maalawansi ndi misonkhano, mpaka nduna ina kuchotsedwa ntchito. Ndalama imeneyo ikadagula mafuta a maambulansi angati?

Chopweteka kwambiri ndi nkhani ya katemera. Adafika mu March 2021, ndipo a zaka 60 kupita m'mwamba adali m'gulu loyamba kubayitsa. Pofika pa 19 May, boma lidawotcha katemera wokwana 19,610 pa chipatala cha Kamuzu Central chifukwa masiku ake adatha. N'zoona kuti adafika atatsala masiku ochepa, n'zoonanso kuti mphekesera zidawopseza anthu. Koma mphekesera zimakula pomwe palibe munthu wodziwika wofotokoza. Gogo sawerenga Facebook. Amamva mfumu yake, abusa kapena shehe wake, ndi mlangizi wa zaumoyo amene amamuona akuyeza ana pa sikelo.

Ndipo njira tikuidziwa kale, musatinamize kuti n'zosatheka. Ana osakwana zaka zisanu amalandira mankhwala a malungo m'mudzi momwemo kwa alangizi a zaumoyo. Omwa ma ARV amapatsidwa a miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi. Chikuletsa n'chiyani kuti mlangizi yemweyo ayende ndi makina oyezera BP, ndipo gogo amene matenda ake akhazikika atenge mapiritsi a miyezi ingapo? Mafumu amadziwa khomo lililonse lomwe muli wokalamba wokhala yekha. Mayinawo alembedwe lero, mliri wina usadafike. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700, adatikumbutsa kuti miliri siichedwa kubwerera.

Mu 2024 aphungu adavomereza lamulo loteteza okalamba. Tidawomba m'manja. Koma lamulo lopanda ndalama mu bajeti silitsitsa BP ya munthu. Inu a Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu, bajeti ikubwerayi tikufuna tione ndalama ya mankhwala a okalamba yolembedwa payokha, ndi njinga za alangizi okawafikira pakhomo.