Timvere namwino mpeni usanafike pakhosi

Taganizani za msodzi wa ku Malindi amene mawu ake asasa kwa miyezi itatu, ndipo nsima yayamba kumutsamwitsa. Wapita kuchipatala cha St Martin's cha mpingo wa Anglican, ndipo atamuona amutumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi. Kumeneko amuuza kuti ali ndi chotupa m'kholingo ndipo pafunika opaleshoni.

Tikamva zotere, maganizo athu amathamangira kwa dokotala wogwira mpeni. Koma ife tikuti theka la kuchira kwa munthuyu lili m'mawu a namwino amene amakhala naye pansi n'kumuphunzitsa, opaleshoni isanachitike ndiponso itatha.

Namwino ndiye amafotokoza chifukwa chake wodwala sayenera kudya kwa maola pafupifupi 6 asanagonekedwe tulo: chakudya chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Ndiye amamuuziratu kuti podzuka adzapeza kapaipi kopumira pakhosi ndi kena kodyera kodzera m'mphuno, kuti asadzadzidzimuke n'kukazula. Ndipo popeza mawu akhoza kutha, amapangana naye zizindikiro za manja zonenera ludzu, ululu kapena kubanika, makamaka ngati sadziwa kulemba.

Kholingo likachotsedwa lonse, munthu amapumira pabowo la pakhosi moyo wake wonse. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Madzi akalowa pabowopo amapita m'mapapo, choncho kusambira kwatha, ndipo kukwera bwato n'kuika moyo pachiswe. Utsi wa nkhuni zowambira nsomba ndi fumbi la m'chilimwe zimamutsokomoletsa, n'chifukwa chake bowolo liyenera kuphimbidwa ndi kansalu koyera kopyapyala. Makhololo akauma m'kapaipi amatseka mpweya. Usiku umenewo Blantyre ali kutali. Amene adzamupulumutse ndi mkazi wake kapena mlongo wake amene adaonetsedwa katsukidwe kake.

Apa ndi pamene ife a m'mipingo tiyenera kudzifunsa. Timadziwa kuzonda odwala, ndipo timatenga phala, sopo ndi nyimbo. Koma kangati tidaimirira pambali pa bedi n'kunena kuti, "Musalole akuduleni, uje adapita osabwera"? Kangati tidamwetsa wodwala thobwa mobisa pamene namwino adaletsa chilichonse chodzera pakamwa kufikira bala litapola? Chifundo chopanda nzeru chimatsegula bala limene dokotala adasoka.

Ena adzati kuuza munthu zonsezi n'kumuopseza, akhoza kuthawa chipatala. Mantha alipodi. Komatu munthu wopusitsidwa ndi mawu okoma, akadzuka wopanda mawu, sakhulupiriranso aliyense wovala yunifolomu. Amene wauzidwa zoona modekha, m'Chichewa kapena m'Chiyao chimene amamva, amasayina chikalata chovomereza opaleshoni akudziwa chimene wasankha. Umenewo ndiwo ulemu wa munthu.

Tikudziwanso kuti anamwino athu ndi ochepa ndipo odwala ndi ambiri. N'chifukwa chake banja lisankhe wodikirira mmodzi wokhazikika, osati wosinthasintha, amene adzamve malangizo, kufunsa pamene sanamve, ndi kuyeserera ndi manja ake namwino akuona. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Tisaiwalenso kuti Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo fodya ndi kachasu zimaonjezera chiopsezo cha khansa zapakhosi. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, kapena chakudya chikayamba kukana kutsika, tisadikire.

Tipempherere odwala athu, inde, koma namwino akayamba kulankhula, titseke buku la nyimbo, tisendere pafupi, timvetsere.