Kuphasa Kwina Sikutsegula Khomo

Sabata ino tikambirane za ana athu amene ali m'magiredi atatu otsiriza a sekondale, ndiwo Giredi 10, 11 ndi 12. Nkhaniyi ikhudza kwambiri inu makolo, pakuti ndinu amene mumagulitsa mbuzi, nshawa ndi matumba a cimanga kuti mwana apeze yunifomu, sopo ndi mabuku olembamo.

Caka ndi caka zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'midzi yambiri mumamveka nthungululu. Mwana waphasa! Nkhuku iphedwa, abale aitanidwa. Koma papita miyezi yowerengeka, mwana yemweyo akafunsa malo ku koleji ya uphunzitsi ku Chipata, kapena ku sukulu ya unamwino ya pa St Francis ku Katete, angobwezedwa pakhomo. Pamenepo makolo ayamba kunena kuti pali kukondera, ena mpaka kuloza cala mnansi kuti ndiye walodza mwana. Kawiri-kawiri cifukwa ceni-ceni cimakhala ciri pa pepala lomwelo limene tinabvinira.

Tiyeni tiliwerenge pamodzi pepalalo. Bungwe loyang'anira mayeso, la Examinations Council of Zambia, limapereka nambala pa phunziro liri lonse, kuyambira 1 kufikira 9. Apa nambala yaing'ono ndiyo yopambana, osati yaikuru monga pa mtengo wa thonje. 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba zedi. 3 ndi 4 ndiko kukhoza bwino. 5 ndi 6 ndiyo imene amati kirediti. 7 ndi 8 ndiko kungopulumuka cabe. Ndipo 9 ndiko kulephera. Mwana angathe kulandira setifiketi ngakhale pepala lace litadzala ndi 7 ndi 8, malinga Cingelezi anaphasa ndipo kirediti imodzi kapena ziwiri ziripo. Ameneyo akanena kuti waphasa sakunama ai. Koma Yunivesite ya Zambia ndi makoleji a uphunzitsi ndi unamwino amafuna maphunziro asanu okhala ndi 6 kapena nambala yocepera pamenepo, Cingelezi cikhale pakati pa asanuwo, ndipo ambiri amafunanso masamu ndi sayansi. Wokhala ndi makirediti anai, ngakhale akhale okongola cotani, amatsala panja.

Nanga makirediti amenewa amatayika liti? Ambiri aganiza kuti amatayika m'cipinda ca mayeso. Ife tikuti amatayika mu Giredi 10. Mwana akaona dzina lace pa osankhidwa kupita ku Chizongwe, ku St Monica's kapena ku Chassa, amayesa kuti wafika. Caka coyamba cimatha ndi kupumula, caciwiri ndi mpira ndi makalata a cibwenzi (masiku ano akuti ali pa foni), ndipo adzidzimuka mu Giredi 12 atamva kuti maina a olemba mayeso atumizidwa. Komatu mafunso a mayeso amacokera m'zaka zonse zitatu. Matemu onse ali asanu ndi anai, ndipo yotsiriza iri ngati palibe, cifukwa mayeso amalembedwa ca m'miyezi ya October ndi November. Masamu makamaka ali ngati khoma la njerwa: mzere wapansi ukapendama, onse apamwamba apendama nawo, ndipo palibe mmisiri angauongole denga litaikidwa kale.

Cotero lipoti la temu iri yonse musamangolipinda ndi kulisomeka kudenga. Yang'anani Cingelezi, masamu ndi sayansi poyamba. Ngati simudziwa kuwerenga, musacite manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani kwa aphunzitsi, muwafunse funso limodzi lokha: "Kodi mayeso atakhala lero, mwana wanga angapeze makirediti angati?" Mphunzitsi woona mtima adzakuuzani, ndipo yankho lomwe mwalimva mu Giredi 10 liri ndi mankhwala, pamene lomwelo mu Giredi 12 liribe. Mufunsenso mwanayo nchito imene afuna, kuti aphunzitsi amuuze msanga maphunziro ofunika pa nchitoyo. Ncomvetsa cisoni kuona mtsikana wofuna unamwino atazindikira pomariza sukulu kuti phunziro limene anali kulithawa ndilo lomwe akumufunsa pakhomo.

Cina cimene inu mungapereke, cosagula ndi ndalama, ndico nthawi. Miyezi ya mayeso ndiyo yomwe timasosa m'minda, kuthamangira fetereza ndi kubzala mvula ikagwa. Manja amafunika, tidziwa. Koma mwana wocokera kunyumba, amene wayenda mtunda popita ndi pobwera, ndiye atunge madzi, atole nkhuni, aphike, natsegula buku maso ali gwa ndi tulo, sangapikisane ndi mnzace wogonera ku sukulu amene belu limamuitanira kukawerenga madzulo ali onse. Ndipo tisabise, katundu ameneyu amagwera kwambiri mwana wamkazi, mlongo wace ali khale pa bwalo. Gawanani nchito, mumsiyire ola limodzi kapena awiri dzuwa lisanalowe, ndipo ngati pakhomo pali kanyale ka sola, usiku kakhale kace. Amene ana anu acita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu namadziphikira okha, kawaoneni mosawauza. Kutumiza ufa kokha sikukwanira.

Kuyambira mu January 2022 Boma linacotsa malipiro a maphunziro ndi a mayeso m'masukulu ace kufikira Giredi 12, ndipo ana a mabanja osowa angapemphe thandizo la ndalama zogonera ku sukulu kupyolera m'thumba la CDF. Koma mwai waulere wolemba mayeso ndi umodzi. Amene waperewera makirediti amabwereza mayeso a GCE, ndipo kumeneko phunziro liri lonse ali kulipira yekha, caka naco cikupita. Musapusitsidwenso ndi anyamata ogulitsa mapepala amene amati ndi likeji. Mu 2018 mayeso anaimitsidwa m'dziko lonse cifukwa ca mapepala obedwa, ndipo ana osalakwa anabvutika pamodzi ndi olakwa. Wogwidwa amafafanizidwa zotsatira zace, thukuta la zaka khumi ndi ziwiri nkuthera pomwepo.

Mu 2025 masukulu anayamba dongosolo latsopano, la Fomu 1 m'malo mwa Giredi 8, ndipo ana olowera njira imeneyi adzalemba mayeso ao akuru mu Fomu 4. Makolo ambiri asokonezeka nalo dongosololi, cotero sabata ya mawa tidzalifotokoza bwino-bwino.