Makalata anu akugona kwa yani?

"Dikirani pang'ono, ndiipeza pompano." Amene mwakhalapo pa msonkhano wa komiti, kaya ya chitukuko cha pa tchalitchi, kaya ya makolo ndi aphunzitsi, mukudziwa kuti mawu amenewa akangotuluka pakamwa pa msungichuma, za nsima ya masana muiwaliretu.

Loweruka lapitali zinatigwera ife. Funso linali laling'ono: mmisiri amene anatikhomera denga mu 2019 uja, anati malata otsala ndi ake kapena athu? Msungichuma wathu, munthu amene sanasowetsepo ngakhale tambala, anati zonse zili pa imelo. Anatulutsa foni n'kuyamba kuisisita ndi chala chachikulu, kukwera, kutsika, kukweranso. Kachizindikiro kozungulira kaja kanayamba gule wake pa sikirini. Anadzuka n'kukaima pawindo, foni ataikwezera kumwamba. Wina anati bandulo yatha, wina anati ndi mitambo, wina anayamba kuwodzera. Kuti kalatayo ilipo palibe amene ankakayika. Kungoti inali kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo njira yopitira kumeneko inali itatsekeka.

Mwamwayi, nthawi imeneyo mmisiriyo anatumizanso kalatayo kwa ine. Ndinatsegula kalaputopu kanga kokalamba, kamene batire lake limafuna kupembedzedwa, n'kulemba mzere umodzi:

notmuch search malata denga date:2019..2020

Ndisanachotse n'komwe chala pa batani, mitu ya makalata inali itandandalikana kale, ya mmisiriyo ili pomwepo. Malata anali athu. M'malo mondithokoza, mnyamata wina wa kwaya amene ankasuzumira paphewa panga anafunsa mwaulemu wonse: "Achikulire, zolemba pa sikirini yakudazi si zija amachita anthu obera mabanki?"

Ndi pamene tafika pamenepa, abale anga. Munthu wosunga makalata ake pakhomo pake ndiye wokayikitsa, wosungitsa kwa anthu amene sanawaonepo nkhope ndiye wabwinobwino. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kalata imene kuti muiwerenge mpaka mugule bandulo, mupeze netiweki, mukumbukire mawu achinsinsi, ndiponso nambala ya foni imene munalembetsera ikhale ikadali yanu, imeneyo ndi fodya wapachala. Mungamati ndi yanu, koma mphepo ikungoyembekezera nthawi yake.

Chodabwitsa n'chakuti imelo si chinthu chovuta kusunga. Kuchokera mu 1971 pamene Ray Tomlinson anatumiza uthenga woyamba pakati pa makompyuta awiri pogwiritsa ntchito chizindikiro cha @, imelo yakhala zolemba wamba basi: mizere ingapo pamwamba yonena wotumiza, wolandira, tsiku ndi mutu, kenako mzere wopanda kanthu, kenako uthengawo. Njira yakale yosungira, yotchedwa mbox, imaunjika makalata onse m'fayilo imodzi, ina pambuyo pa inzake. M'zaka za m'ma 1990 Daniel Bernstein anabweretsa ina yotchedwa Maildir, mmene kalata iliyonse ndi fayilo payokha, moti magetsi akathima kalata ili mkati molembedwa, zinzake siziwonongeka. Kwa ife amene magetsi amachoka osatsanzika, munthu ameneyu anatiganizira ngakhale sankatidziwa.

Tinasiya bwanji kusunga tokha? Tinanyengeka ndi malo. Gmail itayamba pa 1 Epulo 2004 inapatsa aliyense malo okwana 1 GB, ochuluka kwambiri panthawiyo moti ena anayesa nthabwala za tsiku lopusitsana. Lero malo aulere ndi 15 GB, koma mumagawana ndi zithunzi zonse za ku chinkhoswe ndi mavidiyo a ku ukwati. Akadzaza, zosankha ndi ziwiri: kulipira kapena kufufuta. Ndipo poti kulipira m'ndalama zakunja si kwamasewera, ambiri timayamba ndi kufufuta zakale, osadziwa kuti zakalezo ndi zimene zimathetsa milandu. Palibe amene amakangana pa kalata ya dzulo.

Kutsitsa makalatawo si ufiti. Mapulogalamu ngati mbsync ndi offlineimap amakoka makalata anu onse kuchokera ku seva n'kuwaika pa kompyuta yanu mwa Maildir, ndipo ulendo wotsatira amangotenga atsopano okha. Ulendo woyambawo umadya bandulo, ndiye chitani pamene mwapeza intaneti yabwino. Koma kukhala nawo ndi theka chabe la ntchito. Makalata a zaka khumi ataunjikana pa kompyuta, mupeza bwanji imodzi?

Odziwa zakale akuuzani kuti pali grep, kapulogalamu kamene Ken Thompson analemba mu 1973, kofufuza mawu m'mafayilo. Ndimakalemekeza, ndipo ndimakagwiritsa ntchito pa zina. Koma pa imelo kali ndi zofooka ziwiri. Choyamba, nthawi iliyonse mukakafunsa kamawerenga makalata onse kuyambira pachiyambi, ngati kuti sikanawaonepo. Chachiwiri, zimene mumaona pa sikirini si zimene zalembedwa m'fayilo. Mnzanu akalemba dzina la dziko lino ndi kadenga pa w, m'fayilomo mukhoza kupeza Mala=C5=B5i, chifukwa zilembo zotere zimasinthidwa kuti zidutse bwino m'njira. Makalata ena amakulungidwa onse mwa base64, n'kukhala mizere ya zilembo ndi manambala opanda mutu. Pamenepo grep amabwera n'kukuuzani kuti palibe, pamene chilipo.

Mankhwala ake ndi mlozera, ndipo aliyense wopemphera amaudziwa. Wotsogolera akayamba nyimbo imene simukudziwa nambala yake, simuvundukula buku lonse tsamba ndi tsamba. Mumapita kumapeto, kumene mizere yoyamba inaikidwa motsatira alifabeti, n'kupeza nambalayo mpingo usanamalize ndime yoyamba. Wina anavutika kamodzi kulemba mndandandawo kuti ena onse asavutikenso.

Ndi zimene notmuch amachita. Carl Worth anayamba kulemba pulogalamuyi mu 2009, ndipo imagwiritsa ntchito makina ofufuzira otchedwa Xapian. Mukalemba notmuch setup imakufunsani dzina lanu, adiresi yanu ya imelo ndi foda imene muli makalata. Mukalemba notmuch new imawerenga kalata iliyonse, kumasula zokulungidwa zija, n'kulemba kuti liwu lakuti likupezeka m'makalata akutiakuti. Koyamba imatenga nthawi, mukhoza kukathira madzi a tiyi pamoto. Kenako imangowonjezera zatsopano. Mukafuna makalata a munthu mmodzi mumayamba ndi from:, a mutu wina ndi subject:, okhala ndi fayilo yomatidwa ya dzina lakutilakuti ndi attachment:, ndipo zonsezi mukhoza kuziphatikiza pa mzere umodzi. Kutumiza kapena kulandira makalata si ntchito yake. Imadziwa chinthu chimodzi, ndipo imachichita bwino, khalidwe limene likusowa ngakhale pakati pa anthu.

Ilinso ndi anzake. Pali mu, ya Dirk-Jan Binnema, imene nayonso imadalira Xapian, ndi mairix ya Richard Curnow, yakale kuposa ziwirizi, imene imawerenganso mbox pamene notmuch amafuna kalata iliyonse payokha. Onsewa ndi aulere. Koma chimene chinandikopa kwa notmuch ndi zizindikiro. Kalata ya mlamu wanu yopempha ndalama za bokosi la maliro muiika m'foda iti, ya achibale, ya maliro kapena ya ngongole? Ndi notmuch tag mumaipatsa zizindikiro zonse zitatu, kalatayo osaisuntha, ndipo tsiku limene mlamu adzaiwale, mudzaipeza kudzera khomo lililonse.

Apa ndiye pandifikitsa pa chilonda changa chakale. Ndinayendapo mpaka nsapato kutha kulondola ndalama za malemu wina wa m'banja mwathu ku ofesi ina. Yankho linali limodzimodzi: "Fayilo yanu sikuoneka, mubwere sabata ya mawa." Kumbuyo kwa kalalikiyo kunali mashelefu ofika kudenga, zikwatu zomangidwa ndi chingwe, zina zitagwera pansi. Sindikukhulupirira kuti fayiloyo inatayidwa. Inali momwemo, mwina mkono umodzi kuchokera pamene ankaima. Chimene chinasowa ndi njira yoipezera. Ife kusunga timatha, palibe angatipose. Koma chinthu chosungidwa chimene sichingapezeke sichisiyana ndi chotayika, kungoti chimadya malo. Tsopano matenda omwewo tasamuka nawo kupita pa kompyuta: makalata zikwi zingapo osawerengedwa, ndipo njira yokhayo yofufuzira ndi chala chachikulu.

Musaganize kuti ndikuti zidazi zilibe chilema. Chilipo, ndipo chimandipweteka chifukwa chikukhudza chilankhulo chathu. Xapian amadziwa kudula michira ya mawu a Chingerezi, kotero mukafufuza pay amakupatsaninso pays ndi paying. Amadziwanso Chifalansa, Chijeremani, Chipwitikizi ndi zina zambiri. Chichewa ayi. Ndipo mneni wathu amanyamula katundu wake kutsogolo: ndalipira, sindinalipire, adzalipira, tikalipira. Kwa inu ndi ine ndi nkhani imodzi, kwa mlozera ndi mawu anayi osadziwana. Kanyenyezi kamene mumaika kumapeto, ngati lipir*, kamangopeza mawu oyamba ndi zilembo zimenezo, ndiye wokana ngongole amene analemba kuti sindinalipire amapulumuka. Pa mitu ya makalata pali kothawira, chifukwa subject:/lipir/ imafufuza ngakhale pakati pa liwu. Pa uthenga weniweniwo ndinazolowera kufufuza mayina a zinthu, amene sasinthasintha kwambiri: ngongole, risiti, malata, simenti.

Funso langa n'lakuti, achinyamata amene akumaliza maphunziro a kompyuta chaka ndi chaka ali kuti? Mapulogalamu amenewa ndi otseguka, aliyense akhoza kuwerenga mmene analembedwera n'kuwonjezerapo. Malamulo a mneni wa Chichewa analembedwa kale m'mabuku a sukulu. Ntchito yophunzitsa makina kuti ndi-, -na- ndi -dza- ndi zovala chabe ikungodikira mwini wake, ndipo ingathandizenso a ku Chipata ndi a ku Tete. Koma ayi, aliyense akufuna kupanga pulogalamu ina yogulitsira malonda pa foni, ngati kuti zilipozi sizinatikwane kale.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti laputopu imabedwa, imagwa, imalowa madzi. Zoona. N'chifukwa chake simufufuta za ku seva, ndipo mumakoperanso makalatawo pa disiki ina yosungidwa kwina, laputopuyo n'kuikhoma bwino kuti wakuba asawerenge za mwini. Winanso anena kuti anthu ambiri ali ndi foni yokha. Zoonanso, ndipo sindikuuza agogo ku Ntchisi kuti aphunzire kulemba malamulo pa sikirini yakuda ija. Ndikunena inu alembi a makomiti, asungichuma, atolankhani, maloya ndi aphunzitsi aakulu, amene mumanyamula laputopu tsiku lililonse komanso mumasunga mawu a anthu ena. Malamulo ofunika kuloweza sakwana khumi. Munaloweza manambala a foni a anthu ambiri kuposa pamenepo.

Koma ngakhale mlozera wabwino chotani sungathandize pa anthu awiri awa, ndipo mukuwadziwa. Woyamba ndi uja amene kalata iliyonse, kaya ndi ya maliro, kaya ya mgwirizano wa ndalama zankhaninkhani, mutu wake amalemba kuti "Moni". Wachiwiri ndi woopsa kwambiri: amalemba kalata pa kompyuta, kuisindikiza papepala, kuijambula ndi foni mopendekera chala chake chikuonekera pakona, n'kutumiza chithunzicho popanda liwu lina lililonse. Makina sawerengamo kanthu, amangoona dzina la fayilo la manambala okhaokha. Ngati ndinu mmodzi wa awiriwa, chonde, sabata ino yambani kulemba mutu wonena zimene zili m'kalatamo, ndi mizere iwiri yofotokoza chimene mwamata. Mlandu ukadzabuka zaka zisanu zikubwerazi, amene adzafune kalatayo mwachangu mwina mudzakhala inuyo.